Tinalipira ulendo wa ku chilumba, gaidi anatibweza pakati panjira

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi kwa pafupifupi sabata ziwiri tsopano chifukwa mtima wanga uli pawiri, kwina ndikufuna ndiwayamikire anthu amenewa kwinaku ndikadali ndi kamkwiyo pa zomwe anatichita pa nkhani ya bukingi, nde ndaona kuti bola ndingofotokoza zonse mmene zinayendera aliyense aweruze yekha. Dzina la malowo sinditchula dala, pali zina zomwe ndidandaule pansipa ndipo sindikufuna kuphera anthu bizinesi. Koma amene mukuganiza zopita kumalo a mtundu umenewu, kumene amakupatsani gaidi kuti akupititseni kokapalasa makayaki (timabwato ting'onoting'ono), kukwera zingwe m'mitengo, kuponya mivi ndi zina zotero, werengani mwina mutolapo kanthu.

Tinapita anthu asanu, ine, bambo a kunyumba, ana athu awiri, mtsikana wa zaka 14 ndi kamnyamata ka zaka 9, komanso alamu anga, achemwali awo a bambowa, amene anayambitsa zonsezi ponena kuti ana akungokhalira mafoni akawombedweko mphepo. Malowo ndi esiteti yakalekale, chinyumba cha eni ake chili pamtunda, kenako minda, nkhalango, nkudzafika kugombe la nyanja. Chomwe sindinkadziwa ndisanafike nchoti a zamasewerawa si eni esiteti ayi, ndi banja lina lomwe limangochita lendi gombelo, kachigawo ka nkhalango ndi khola lakale la mahatchi lomwe analisandutsa ofesi ndi mosungira katundu. Zimenezi zikumveka ngati zopanda ntchito koma zimakukhudza, pali mipanda yoti sungadutse, pali njira zoti ndi za eni nyumba okha, ndipo geti amatseka nthawi yawo olo iwe ukadali ndi chilakolako chokhala pagombe kuonera dzuwa likulowa.

Ndiyambe ndi zoipa kuti zindichoke pakhosi. Bukingi yawo ndi chipwirikiti. Ndinatumiza imelo, masiku anayi zii. Ndinaimba foni kawiri osayankha, ulendo wachitatu anayankha bambo wina akupuma wefuwefu, kumbuyo kukumveka ana akukuwa m'madzi, amvekere mayi tumizani dipoziti tikulemberani. Ndinatumiza. Uthenga wotsimikiza kuti yafika sunabwere. Fomu ya zaumoyo, ija amafunsa ngati pali wa mphumu, wa khunyu, wa vuto la mtima, wodziwa kusambira ndi wosadziwa, ndinailemba kawiri chifukwa yoyamba akuti sanaione. Nde tsiku lafika, tadzuka m'bandakucha, tayenda ulendo wonse uja, netiweki inathera pa geti penipeni ndipo chikwangwani cholozera ku ofesi yawo nkakang'ono ngati chivundikiro cha poto moti tinakathera kuchinyumba chachikulu chija, mlonda nkutibweza mwaulemu koma nkhope ikuonetsa kuti tsiku lililonse amabweza anthu ngati ife. Tafika pa ofesi 9 koloko ndendende, mayi wapadesiki akuyang'ana m'buku lake, akuyang'ananso, amvekere pepani inu tinakulembani mawa.

Eeh. Bambo a kunyumba anangotuluka panja osanena kanthu, amene mumawadziwa anthu otere mukudziwa kuti pamenepo zavuta. Ine ndinamuonetsa mayi uja meseji ya pafoni pomwe panali deti, anapepesa kuchokera pansi pa mtima, izi ndisaname, ndipo anayamba kuitana anzake pa wokitoki kusakasaka gaidi woti alibe gulu. Tinadikira ola ndi theka titakhala pabenchi, ana ayamba kale kufunsa ngati pali Wi-Fi.

Kenako anatulukira gaidi wathu, ndipo apa mpamene nkhani yonse inatembenukira. Mtsikana wochepa thupi, mwina zaka 26 kapena 27, nkhope yopsa ndi dzuwa, wezulo m'khosi, kampeni kakang'ono pa jekete. Kunena zoona nditamuona ndinati mumtima kamwana aka nkamene katiteteze pamadzi? Sanataye nthawi nkutisangalatsa ndi nthabwala, anatiimika pamzere nkuyamba kufunsa mmodzimmodzi kuti umasambira, ungafike pati, unagwerapo m'madzi ozizira. Alamu anayankha monyada kuti amasambira bwino kwambiri, iye amvekere chabwino mayi, koma jekete muvalabe ndipo simuvula mpaka mapazi anu atapondanso mchenga uno.

Mmene anamuvekera jekete mwana wanga wamng'onoyu ndinakhala ndikuyang'ana. Anayamba wamufunsa kulemera kwake, nkusankha jekete malinga ndi makilogalamu olembedwa mkati mwake, osati kungoona ndi maso kuti iyi ikukwana. Anamanga zipi, kukoka malamba a m'mbali kuyambira wapansi, kudutsitsa lamba wina pakati pa miyendo, kenako anagwira jeketeyo m'mapewa nkuikokera m'mwamba mwamphamvu moti mwana anachita kunyamuka pang'ono. Inakwera mpaka m'makutu. Anapukusa mutu, kuivula, kukatenga ina yocheperapo, kuyambiranso zonse. Akuti ikakwera choncho pamtunda ndiye kuti m'madzi idzakwera chimodzimodzi, mwana nkutsalira pansi pake, jekete ili phee pamwamba. Anationetsanso nambala yolembedwa mkati, zathu akuluakulu zinali za 50N, akuti zimenezo zimangokuthandiza kuyandama, nzoyenera munthu wodziwa kusambira ndipo ali pafupi ndi thandizo, sizingakutembenuze chagada ukakomoka. Zomwe anazipangira kuti zitembenuze munthu wokomoka nkhope iloze kumwamba ndi zija za 150N zokhala ndi kolala yaikulu. Ine zaka zonsezi ndinkangoti jekete ndi jekete basi.

Tisanalowe m'madzi anatikhazika pansi nkutiuza za kuzizira, ndipo apa ndinamvetsera chifukwa dzuwa linali likuwala bwinobwino, munthu sungaganize zoti pali choopsa. Akuti madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo madzi akakhala pansi pa madigiri 15 chimene chimapha anthu ambiri si kuzizidwa kwa nthawi yaitali kuja koma mphindi yoyamba yeniyeniyo, thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya mosafuna, ukakhala kuti mutu uli m'madzi nde wamwa madzi basi, kenako kupuma kumathamanga osakugwira. Malangizo ake anali achidule, ukagwa usalimbane nkusambira, gona chagada, tambasula manja, dikira mpaka kupuma kubwerere m'malo mwake, ukatero gwira kayaki yako osaisiya chifukwa kayaki imaoneka patali, mutu wa munthu suoneka.

Ndipo sanangonena pakamwa ayi. Pamalo osaya, madzi a m'chiuno, aliyense anamuuza kuti agubuduze kayaki yake dala. Makayaki ake ndi aja okhala pamwamba opanda chibowo cholowamo miyendo, nde ukagubuduka umangogwera m'madzi, sukodwa. Ana anachita ngati masewera. Ine ndinakana kawiri, kachitatu ndinapendekeka ndekha ndisanakonzeke nkomwe, thibu! Abale inu, zonse zija anafotokoza zinachitika ndendende, ndinakoka mpweya ngati wina wandimenya pachifuwa, manja akuphupha okha, mutu wonse unaiwala malangizo, kenako ndinangomva mawu ake pafupi, osakuwa, amvekere mayi chagada, chagada, ndili pompano. Ndinagona chagada, kumwamba kuli mbee, ndikumva mtima ukugunda m'makutu, patapita kanthawi kupuma kunabwerera. Kukweranso pa kayaki nkumene kunali manyazi, umayenera kugona chamimba pakati pake nkudzikoka ngati thumba la makala kenako kutembenuka, ine zinanditengera maulendo anayi ana akuseka mpaka misozi kkkk. Koma kuchokera pamenepo mantha anachoka, chifukwa choopsa chomwe ndinkachiganizira usiku wonse chinali chitachitika kale ndipo ndinali moyo.

Ulendo umene tinalipira unali wopalasa kutsata gombe, kudutsa mabango, kenako kuoloka kukafika pa kachilumba kena kali ndi mitengo itatu inayi, kukapuma kumeneko nkubwerera. Gawo loyambalo sindidzaliiwala. Madzi ali bata ngati galasi, nkhafi ikalowa ukungomva kuti chubwi, abakha akutuluka m'mabango ndi tiana tawo pamzere, pansi ukuona mchenga ndi tinsomba tikuthawa mthunzi wa kayaki. Anatiphunzitsa kuti usamapalase ndi mikono yokha utopa msanga, uzipotokola thupi kuyambira m'chiuno, nkhafi ilowe cha kuphazi nkutulukira cha m'chiuno. Mwana wanga wamkazi, amene kunyumba kumuyankhulitsa kumachita kuvuta, anali pambali pa gaidi akufunsa mafunso osatha, mpaka anauzidwa zoti kayaki anaiyambitsa ndi anthu a mtundu wa Inuit a kumadera ozizira kwambiri a ku Arctic, ankaipanga ndi zikopa za nyama za m'nyanja zokutira pa mafupa kapena timitengo nkumakasakira nyama. Mpaka lero akundiuzabe zimenezi ngati ine kunalibe.

Titafika pa kansonga pomwe timayenera kusiya gombe nkuloza kuchilumba, gaidi anakweza nkhafi m'mwamba, chizindikiro choti tonse tisonkhane. Anakhala chete akuyang'ana kutsogolo, kuyang'ana mitengo ya pagombe, kuyang'ana mitambo kuseri kwa phiri, nkuyankhula pa wokitoki mawu awiri atatu. Kenako amvekere pepani, kuchilumba sitipita, tibwerera potsata gombe.

Bambo a kunyumba pamenepo mkwiyo wa m'mawa uja unabwerera wonse. Amvekere achemwali, madzi ali phee chonchi, chilumba nchimenecho tikuchiona ndi maso, m'mawa mwatidikiritsa, pano mukutimananso chomwe talipira? Ine ndinagwirizana nawo, ndisabise. Mtsikana uja sanakweze mawu ndipo sanachite manyazi, amvekere bambo ndikumvetsa, koma taonani masamba a mitengo iyo akuloza kuti. Mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kumtunda kulowera pakati pa nyanja. Anafotokoza kuti mphepo yotere ndi yachinyengo kwambiri chifukwa pafupi ndi gombe mitengo ndi phiri zimakutchinga nde madzi amaoneka osalala, koma ukamatalikira imakula, mafunde nawo amakula chifukwa apeza mtunda wautali woti akulire, ndipo popita imakukankha kumbuyo umadziona ngati katswiri, pobwerera mpamene umazindikira kuti ukulimbana nayo maso ndi maso uli wotopa kale. Anatiuza tiyang'anitsitse kupitirira chilumbacho, zoonadi kunali kamzere kakuda pamadzi ndi timafunde toyera m'mitu. Kenako ananena chinthu chomwe chinatseka pakamwa tonse, amvekere inu bambo mukhoza kubwerako, kamnyamata aka sikangathe, ndipo ine ndili ndi chingwe chokokera munthu mmodzi yekha.

Tinabwerera, bambo ali duu. Mphindi 20 zisanathe mphepo ija inatipeza ngakhale tinali m'mbali, kamnyamata kanga kanayamba kuzungulira pamodzimodzi kayaki ikukana kumvera, gaidi anakakoleka chingwe nkukakoka mpaka kugombe kwinaku akutiwerenga mobwerezabwereza, ndinkamuona milomo ikuyenda, wani, thu, fili, folo, faifi. Titaponda mchenga nkutembenuka, pakati paja pomwe tikanakhala tili panali poyera ndi mafunde. Palibe ananena kanthu. Bambo anangopita kukamuthandiza kukoka makayaki, kumeneko ndiye kupepesa kwawo.

Madzulo ake nkhaniyi inandikumbutsa ngozi ya ku Lyme Bay ku England mu March 1993. Ana a sukulu 8, mphunzitsi wawo ndi alangizi awiri ananyamuka pa makayaki ulendo wooneka waufupi, mphepo inawakankhira kutali ndi gombe, makayaki anadzaza madzi, thandizo linachedwa, ana anayi anamwalira. Mkulu wa kampaniyo anamangidwa, ndipo mu 1995 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loti malo ochititsa ana masewera otere azikhala ndi chiphaso ndi kumayenderedwa. Kumene kuja kunali kunyanja yamchere, kwathuku inali nyanja yozunguliridwa ndi mtunda, koma mphepo yochokera kumtunda khalidwe lake ndi limodzi. Nde amene mumafunsa kuti bwanji osangobwereka kayaki nkupita nokha, gaidi ngwachiyani, ine yankho langa ndi limenelo. Pa zonse zomwe tinachita kumeneko chomwe ndikuona kuti ndalama yanga inagwira ntchito ndi ulendo umene sitinaumalize.

Masana kunabwera mabingu. Apanso analetsa zonse, zingwe za m'mitengo anatseka, gulu lina lomwe linali pamadzi analitulutsa, tonse kukaunjikana m'khola la mahatchi lija. Gaidi wina wamwamuna anasandutsa kudikirako kukhala masewera a ana, ukaona mphenzi yamba kuwerenga masekondi mpaka umve bingu, masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi chifukwa phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Lamulo lawo nloti zikafika masekondi 30 kapena kuchepera apo aliyense alowe m'nyumba, ndipo satuluka mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Bingu likangolira wotchi amayambiranso. Ana anasangalala, akuluakulu tinatopa, chifukwa mkatimo mipando ndi yochepa ndipo mulibe chochita china chilichonse. Apa ndiwadzudzule, malo oti bizinesi yawo yonse imadalira nyengo amayenera kukhala ndi pulani ya tsiku la mvula, olo kachipinda kofunda koti anthu akhale bwinobwino.

Kutacha bwino madzulo tinakaponya mivi. Izi sindichulutsa, zinali bwino basi. Amayamba akuyesa kuti diso lako lamphamvu ndi liti, ine ndinadabwa kupeza kuti ndi lamanzere pamene dzanja ndimagwiritsa lamanja. Amakuveka kachikopa pamkono kuti chingwe cha uta chisakukwapule, alamu anakana kuti nkotentha, pano ali ndi chizindikiro chobiriwira mkono wonse. Anatiletsa kukoka uta nkuutaya wopanda muvi, akuti mphamvu yonse imabwerera mu utawo ukhoza kusweka. Ife timaponya pa mamita 10 nkumaphonyabe, pamene ku Olympics amaponya pa mamita 70 pa chandamale cha masentimita 122, nditamva zimenezo ndinangoseka. Kamnyamata kanga kanalasa pachikasu pakati kamodzi mwangozi ndipo kakuuza aliyense.

Tsiku lachiwiri linali la zingwe za m'mitengo. Ine ndimaopa pamwamba, olo pa makwerero a m'nyumba miyendo imanjenjemera, nde ndisanavomere kuvala malamba aja a m'chiuno ndi m'ntchafu ndinafunsa mwini wake, bambo uja wa pafoni, kuti ndingadziwe bwanji kuti zingwezi sizinavunde. Ndimayembekezera kuti anditonthoza ndi mawu okoma, koma anangoti tabwerani mayi, nkundilowetsa mosungira katundu. Mmenemo nde ndinaona kumene mtima wa anthuwa uli. Zingwe zili pa misomali mumthunzi, kutali ndi windo chifukwa dzuwa limafooketsa nayiloni, chilichonse chili ndi nambala yake. Zipewa zolimba zija pamzere, nambala. Anatsegula chibuku chokhuthala chothimbirira m'makona, tsamba lililonse ndi chida chimodzi, tsiku lomwe chinagulidwa, tsiku lomwe chinayamba kugwira ntchito, masiku omwe chinayenderedwa ndi siginecha ya woyendera. Akuti opanga zida za nsaluzi ambiri amaika malire a zaka 10 olo chidacho chisanagwirepo ntchito, koma zapamalo ngati awa zomwe zimavalidwa tsiku ndi tsiku sizifika nkomwe pamenepo. Pakona panali dengu la malamba odulidwa pakati ndi sizasi, akuti chikapuma ntchito amachidula dala kuti wina asadzachitole mwangozi. Anandipatsa kangowe kamodzi kachitsulo, kaja amakolekera munthu ku chingwe, nkundionetsa manambala ozokotedwa pamsana pake, 24 kN m'litali, ndipo kN imodzi ndi ngati kulemera kwa makilogalamu 100, koma kakapingasa m'mbali mphamvu imatsika kufika cha m'ma 7 basi, nchifukwa chake magaidi amangokhalira kuyang'ana mmene kakhalira.

Nde ine ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti munthu yemweyu amene akudziwa tsiku lobadwa la chingwe chilichonse ndi amene analephera kulemba deti la banja langa m'buku kkkk. Ndinamuuza momwemo. Anaseka mwamanyazi nkuvomera, ndipo anandifotokozera pang'ono mmene ntchitoyi imayendera. Ndalama za chaka chonse amazipeza m'miyezi yochepa yotentha ndi nthawi ya holide, miyezi yozizira kumakhala zii koma lendi ya esiteti ndi inshuwalansi sizidikira. Magaidi abwino amawaphunzitsa, kuwalipirira maphunziro a chithandizo choyamba ndi opulumutsa anthu m'madzi, nyengo ikatha amapita kukasaka ntchito kwina ena osabwereranso. Tsiku la mphepo ngati dzulo lake amabweza magulu, malipiro a antchito ali pomwepo. Nsanja za m'mitengo zimafuna katswiri wochokera kunja kwa kampani adzaziyendere, mitengo yakeyonso imafuna wodziwa za mitengo aione ngati siyinafumbwe mkati. Nde iye amakhala pamadzi kapena m'mwamba tsiku lonse foni ili m'thumba losalowa madzi, mkazi wake ali padesiki, yemweyo kuchapa, yemweyo kuwerengera ndalama. Ndinamumvetsa, koma ndinamuuzabe kuti bambo lembani munthu mmodzi wa mafoni ndi maimelo basi, chifukwa ambiri sangafike poona chibuku chanucho, amathawira pa imelo yosayankhidwa.

Pamwambapo ndinakwera. Njira yawo ndi ija yoti kangowe kako kamalowa mu waya poyambira ndipo sikangatuluke mpaka kumapeto, nde palibe zoti mwana angadzimasule yekha ali m'mwamba, ichi chinandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse. Pa mlatho wa matabwa olendewera ndinaima pakati nkuuma gwaa, sindikupita kutsogolo sindikubwerera, thukuta kamukamu. Gaidi wathu uja anali pansi, sanandinamize kuti musaope palibe chovuta, anangoti mayi musayang'ane kuno, yang'anani mtengo uli kutsogolo kwanuwo, phazi lamanzere pa thabwa lotsatira basi, zina tiona. Thabwa limodzi, kenako lina. Mwana wanga wamkazi ali kutsidya amvekere amama bwerani mwatsala atatu. Zip line yomalizira, waya wotsetserekapo uli lende, imadutsa pamwamba pa kadambo nkukathera pafupi ndi gombe, ndinakuwa njira yonse ndipo ndikanabwereza akanandilola.

Chomaliza chinali kuyenda ndi mapu ndi kampasi m'nkhalango kusaka timbendera ta olenji ndi zoyera tomwe anabisa. Masewerawa anayambira ku Scandinavia ngati maphunziro a asilikali, mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitikira ku Norway mu 1897. Mapu ake ngosokoneza ukangowaona koyamba, poyera ndiye nkhalango yoti ungadutse mosavuta, pobiriwira ndi ziyangoyango zovuta kudutsa, pachikasu ndi pamtetete popanda mitengo. Bambo ndi alamu sanamvetsere zimenezi, anaona pobiriwira nkuganiza kuti ndi kapinga, anakatulukira mochedwa minga thupi lonse akulozana zala. Pa mapu a 1:10,000 sentimita imodzi ndi mamita 100 pansi, kamnyamata kanagwira zimenezi msanga kuposa tonse. Vuto apa linali loti timbendera tiwiri tinali titasowa, kaya mphepo ya dzulo lake kaya ana a gulu lina, ndipo palibe anayendera m'mawa kuti aone, nde tinataya theka la ola kusaka chinthu choti kulibe.

Zina zing'onozing'ono. Ma wetsuit awo, zovala zothina zoteteza kuzizira m'madzi, amanunkha chinyezi, yomwe ndinapatsidwa inali isanaume bwino kuchokera kwa munthu wa dzulo, kuvala chinthu chozizira chonyowa m'mawa si zocheza. Shawa yotentha ndi imodzi yokha ya anthu onse aja, wachitatu pamzere amapeza madzi atazizira. Zimbudzi nzaukhondo koma zili kutali ndi gombe. Tengani thawulo lanu, nsapato zoti zinyowe koma zomanga osati masilipasi, zovala zosinthira ziwiri, chipewa, mafuta oteteza kudzuwa chifukwa pamadzi dzuwa limakuwotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, ndi kachingwe komangira magalasi, magalasi a alamu ali pansi pa nyanja panopa. Thonje musavale pamadzi, likanyowa siliuma ndipo limakuzizira. Mukatuluka m'nkhalango ayang'aneni ana nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'khosi, anatikumbutsa okha. Chinanso chomwe ndinachikonda, munthu akabwera ndi kayaki yake samulola kuiika m'madzi asanaitsuke nkuiyang'ana, akuti zomera ndi tizilombo ta m'nyanja ina timakakamira pansi pa boti nkudzawononga nyanja yomwe kunalibe.

Kwa amene muli ndi ana oyambira zaka 8 kupita m'mwamba ndinganene kuti pitani, olo simudziwa kusambira bwino bola muwauze zoona pa fomu paja, osanama chifukwa cha manyazi. Amene mukufuna malo ongogona pampando wina akukubweretserani chakumwa, kumeneku si kwanu. Ndipo amene simufuna kuuzidwa ayi ndi munthu wamng'ono kwa inu mukavutika. Musananyamuke funsani kuti gaidi mmodzi amatenga anthu angati, ife tinali asanu kwa mmodzi ndipo ndinaona kuti mpokwanira, funsaninso kuti nyengo ikavuta ndalama zimatani, ndipo yankholo likhale lolembedwa. Deti lanu litsimikizeni kawiri, katatu, muimbenso dzulo lake.

Pa nyenyezi zisanu magaidi ndi zida ndikuwapatsa zonse, ofesi ndikuipatsa ziwiri ndipo imodzi mwa ziwirizo ndi ya kupepesa kwa mayi uja. Ponyamuka mwini wake anatilonjeza kuti ulendo wa kuchilumba uja tidzaupange ulere tsiku lina lililonse nyengo ino isanathe, tingotumiza imelo kunena deti. Kamnyamata kanga kalemba kale pa kalendala. Imeloyo ndinatumiza titangofika kunyumba, lero ndi tsiku la 12 sanayankhe, mawa ndiimba foni cha m'ma 7 m'mawa asanalowe m'madzi.